Chitseko cha ndalama cha pinball yanga chinandidyera $220: musataye chakale musanasamutse mawaya

Makina a pinball (masewera omenya kampira kachitsulo ndi timikono totchedwa ma flipper) amene ali m'chipinda chochezera kwathu ku Mufakose, mumzinda wa Harare, ndinawagula kwa bambo wina amene ankatseka malo ake omwera mowa ku Highfield. Ndi Fish Tales, opangidwa ndi kampani ya Williams ya ku Chicago mu 1992, aja okhala ndi chogwirira chonga ndodo ya mbedza poponyera mpira ndiponso nsomba pamwamba imene imagwedeza mchira. Ife a kunyanja tikaona nsomba mtima suugwira, ndiye sindinanenerere kwambiri. Nyale zinkayaka, mawu ankamveka, galasi linali lopanda mng'alu. Choipa chinali chimodzi: kachitseko kachitsulo ka kutsogolo, komwe amaponyerapo ndalama. Akuba anali atakakanulapo ndi chitsulo zaka zam'mbuyo, m'mphepete mwake munali mopindika, pansi pali dzimbiri, ndipo kiyi wake mwiniwakeyo anati anatayika kalekale. Ndinaona ngati ndi nkhani ya Loweruka limodzi.

Titafika nawo kunyumba ndi pomwe ndinadziwa kuti pa makina amenewa zonse zimadzera pa kachitseko kameneko. Galasi la pamwamba silingachoke usanachotse chitsulo chachitali chimene umatsamirapo manja posewera, ndipo chokhethemulira chitsulocho chili mkati, kuseri kwa chitseko. Mabatani anayi osinthira zonse, kuyambira kukweza mawu mpaka kuyeza ngati maswitchi akugwira ntchito, ali kuseri kwa chitseko chomwecho. Kiyi wa bokosi la pamwamba, momwe muli mabolodi, kawirikawiri amamukoleka pa kambedza mkati mwa chitseko. Ndiye chikakhala chokhoma, uli ndi kabati yowala basi, ana akuizungulira n'kumakufunsa kuti ayamba liti.

Mnzanga wina anabwera ndi chitsulo choti tikanule. Mwamwayi akunyumba anamuletsa, ati zimene anachita akuba zakwana. Njira yabwino ndi kuboola loko. Mumaika dirilo pakati penipeni pomwe pamalowa kiyi, kuyamba ndi kamsonga kakang'ono kenako kokulirapo, mpaka zamkati zitaphwasuka ndipo loko atatheka kutembenuzidwa ndi sikuludiraiva. Ikani nsanza pansi ndipo mukatsegula musese tizidutswa tachitsulo tonse, chifukwa tikagwera pa maswitchi timayambitsa mavuto ena. Loko wake ndi wamba, wa ma inchi 7/8, wofanana ndi wa makabati a m'maofesi. Ine ndinamupeza m'tauni pa $6. Koma musataye kachitsulo kokolowekera kamene kali kumbuyo kwa loko wakaleyo. Kamene kamabwera ndi loko watsopano nthawi zambiri kamakhala kafupi kapena kowongoka mosiyana, ndipo chitseko sichigwira.

Mkati ndinapezamo kiyi uja ali lende pa mbedza yake, bokosi la ndalama lopanda kanthu ndi fungo la mowa wa zaka makumi awiri. Ndinadina batani loyamba, lolembedwa Escape, makina n'kundipatsa masewera amodzi aulere. Usiku umenewo tinasewera mpaka anthu oyandikana nafe anabwera kudzasuzumira. Kwa amene makina awo ndi a Williams kapena Bally a m'zaka za m'ma 1990: simufunika ndalama ayi. Dinani Enter, pitani pa Adjustments, mulowe pa A.3, mufike pa nambala 17 yolembedwa Free Play, muike Yes. Zikatero batani loyambira limangogwira lokha.

Kungoti kwathu kuno magetsi amapita ndi kubwera mmene afunira, ndipo nthawi iliyonse akabwera, makina anga ankaiwala zonse n'kuyambanso kufuna ndalama. Chifukwa chake chinali m'bokosi la pamwamba. Pa bolodi yaikulu pamakhala mabatire atatu a AA amene amasunga zimene mwasintha makina akazima. Anga anali atafa, limodzi litayamba kutuluka zoyera. Mukangotsegula makina ogula kumene, pitani kaye pamenepo musanachite china chilichonse, chifukwa madzi a batire akatsikira pa bolodi amadya tinjira ta magetsi, ndipo bolodi imeneyo ku Harare kuno simungaipeze pa shelefu. Williams inasiya kupanga pinball mu 1999, choncho chilichonse cha makinawa ndi chakale kapena chopangidwa ndi makampani ena kunja, ndipo chimabwera ndi mtengo wa ulendo wake.

Vuto lenileni linayamba patapita masabata angapo. Mpira uli pakati, mapointi akukwera, mwana akangogunda kutsogolo ndi bondo, masewera ankathera pomwepo, makina n'kuyambiranso pachiyambi. Nthawi zina ngakhale wosagunda. Zinkandipweteka kwambiri, makamaka pamaso pa alendo amene ndinali nditawaitanira dala. Ndinaitana mnyamata wokonza ma TV. Anayang'ana m'bokosi la pamwamba, nati bolodi ya magetsi yatopa, ayitenge akaisinthe zina ndi zina pa $60. Sindikumunena, chifukwa pa makina a mtundu umenewu n'zoona kuti mphamvu ya ma volt 5 ikatsika, makina amazima n'kuyaka okha. Ndinamupatsa $15 ya kubwera kwake, koma bolodi ndinakaniza. Mtima unangokana kuti ituluke pakhomo.

Amene anandithandiza ndi amalume anga a ku Mabvuku. Iwowa anabwera kuno kuchokera ku Dedza ali mnyamata, ndipo kwa zaka zambiri ankagwira ntchito kwa munthu amene ankaika ma jukebox, matebulo a pool ndi makina otere m'mabala ndi m'makalabu. Ndinali ndisanawauze chifukwa ndinkaopa kuti andifunsa mtengo umene ndinagulira. Atafika sanatsegule n'komwe bokosi la pamwamba. Anandiuza kuti ndiyambe kusewera, iwo n'kumenya chitseko ndi chikhatho. Masewera anatha.

"Waona? Bwera kuno, mwana iwe, uone chimene chikukulizacho."

Analowa pa Tests, nasankha T.1, pomwe makina amaonetsa switchi iliyonse imene yakhudzidwa. Atagwedeza chitseko pang'ono, pagalasi loonetsa mapointi panatuluka nambala 21, Slam Tilt. Kuseri kwa chitseko kuli tizitsulo tiwiri topyapyala, kamodzi kali ndi kolemera kunsonga. Anakaika n'cholinga choti munthu akamenya chitseko ndi chibakera kapena kuchiponda pofuna masewera aulere, tizitsuloto tigundane, makina amulange pothetsa masewera. Kwa ine, chifukwa cha kupindika kwa chitseko, mpata wa pakati pa tizitsuloto unali utatsala wochepetsetsa. Amalume anakapinda pang'ono ndi pulayala, mpata n'kukula, vuto n'kutha. Sipanalowe ngakhale senti.

"Amalume, ndiye bolodi ija ilibe vuto?"

"Ikadzakhala ndi vuto udzadziwa. Idzazima ukamenya ma flipper onse awiri pamodzi, osati ukagunda chitseko. Uziyamba wafunsa makinawo, amayankha okha."

Apa nkhani ikanathera. Koma chitseko chinali chikadali chopindika, chosatsekeka bwino, ndipo dzimbiri lake linkadetsa zovala za ana. Ndinachimasula n'kupita nacho ku Mbare, ku Siyaso, komwe amisiri owotcherera amatha kuwongola chilichonse chachitsulo. Kumasula kwake n'kosavuta: pulagi ya mawaya imazulidwa pa kabolodi kakang'ono kamene kali mkati cha kumanzere, waya wa earth umamasulidwa, kenako manati a mabawuti amene agwira felemu ku thabwa. Ndinachipereka chonse chathunthu, mawaya, mabatani, mababu ndi mapulasitiki ofiira a polowera ndalama zili pomwepo. Mmisiriyo ntchito ya chitsulo anaigwira bwino zedi, chitseko chinawongoka mpaka kumatsekeka ndi chala chimodzi, ndipo anandilipiritsa $25. Koma iye ndi wa zitsulo, si wa mawaya. Pomwe anawotcherera hinjesi, moto unasungunula pulasitiki imodzi ndi chikopa cha mawaya angapo, ndipo popopera penti wakuda anakuta zonse, ndi maswitchi omwe.

Amene mukufuna kupita nacho kwa owotcherera, chivuleni kaye mpaka chitsale chitsulo chokhachokha. Jambulani ndi foni mbali zonse musanamasule kanthu, makamaka pomwe waya uliwonse wamatidwa, chifukwa mitundu ya mawaya imafanana kwambiri: ambiri ndi a olenji okhala ndi kamzere ka mtundu wina. Timasikuluwu ikani m'timapepala tolemba. Ndi ntchito ya madzulo amodzi.

Nditachibwezera n'kuyatsa, mababu a pachitseko sanayake, ndipo mbali ina ya nyale za makina inazima nawo. Fyuzi inali itapsa. Ndinaika ina, nayonso inapsa nthawi yomweyo. Mababu awiri a polowera ndalama ndi a ma volt 6.3 ndipo amadya pa mzere umodzi ndi nyale zina zowalitsa makina, ndiye waya wosupuka uja utakhudza chitsulo cha chitseko, mzere wonse unagwa. Fyuzi zake ndi za ma amp 5, za mtundu wochedwa kupsa. Pano pali chizolowezi chathu chija chomanga kawaya pa fyuzi yakupsa. Pa makina awa musayerekeze. Amalume anandiuza pafoni kuti ndizule pulagi ya chitseko ndisayatsenso mpaka mawaya atakonzedwa, chifukwa magetsi a nyale kapena a makoyilo (tizipangizo tokankha mpira) akalowa m'mawaya a maswitchi amakapsereza tizipangizo ta pa bolodi yaikulu, ndipo pamenepo ndiye kuti walowa m'mavuto a ndalama zambiri.

Ndinakhumudwa kwambiri. Makina amene ankasewereka bwinobwino tsopano anali atangokhala, ataphimbidwa ndi chitenje. Mokwiya ndinaganiza zongogula chitseko china. Pa Facebook ndinapeza munthu wa ku Johannesburg wogulitsa zida za makina akale, ali ndi chitseko chooneka chatsopano pa R2,200, yomwe panthawiyo inali pafupifupi $120. Ndinamufunsa ngati chingalowe pa Fish Tales. Anayankha kuti zitseko za pinball zonse n'zofanana. Ndinatumiza ndalama, n'kupangana ndi mmodzi wa ma runner aja amene amabweretsa katundu pa basi kudzera ku Beitbridge, pa $35.

Anati sabata imodzi. Unatha mwezi ndi kupitirira. Lero akuti katundu watsala ku Joni chifukwa basi inadzaza, mawa akuti foni inabedwa, mkuja akuti ndipite ku Roadport, kokwerera mabasi opita kunja, ndikadikire, ndikafika palibe. Akunyumba sanalankhule zambiri, anangoti, "Bambo, ndalama ija ikanakhala ya yunifolomu bwenzi ana atavala kale." Ndinalibe poyankha. Ngati mukutumiza chinthu cholemera chonchi, lipirani theka lokha la ndalama ya runner, theka linalo polandira, ndipo wogulitsayo akutumizireni chithunzi cha phukusi lili m'manja mwa runner. Ine ndinalipira zonse pachiyambi, ndiye ndinalibe chomukokera.

Chitafika chinali chokongoladi, chopanda dzimbiri, ndipo pabowo la kabati chinalowa. Koma nditachitembenuza ndinapeza mabatani atatu, lofiira, lobiriwira ndi lakuda, m'malo mwa anayi, ndipo pulagi yake sinkagwirizana ndi kabolodi kanga. Chinachokera pa makina a kampani ina. Makina a Sega ndi a Stern oyambirira ankagwiritsa ntchito mabatani atatu otero, ndipo kalumikizidwe kawo ka mawaya n'kosiyana ndi ka Williams. Wogulitsa uja sanandiyankhenso. Ndinakhala pansi pakhonde chitseko chili pamiyendo, ndikuwerengera ndalama zimene zapita.

Amalume atabwera Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, funso lawo loyamba linali lakuti chakale chija chili kuti. Chinali m'thumba kuseri kwa nyumba, chikudikira anyamata ogula zitsulo zakale amene amayenda ndi ngolo. Akanadutsa sabata imeneyo, bwenzi chitapita pa mtengo wa buledi.

"Wagula chigoba, mwana iwe. Kamba mwini wake ali m'thumbamu. Katenge."

Zimene tinachita tsiku limenelo ndi zimene ndikanafuna wina akanandiuza poyamba. Tinazula makina pakhoma, osati kungozimitsa pa switchi yake, chifukwa kabokosi ka magetsi a 220 kali pafupi pomwepo ndi pomwe manja amalowa. Tinavula chitseko chatsopano mawaya ake onse n'kuwaika padera. Kenako tinamasula mtolo wonse wa mawaya pa chakale chija pamodzi ndi kachitsulo ka mabatani anayi, switchi ya Slam Tilt, zoikamo mababu ndi maswitchi a ndalama. Mawaya osupuka tinawadula pomwe anapsa, n'kulumikiza tizidutswa tatsopano ndi solder, uliwonse n'kuuveka kachubu kofinyika ndi moto. Tepi wakuda amalume anakana, ati kutentha kwa mu Okutobala amamatuka. Penti amene anakuta maswitchi tinamuchotsa pokoka kakhadi kolimba konyowetsa ndi spirit pakati pa tizitsulo. Sandipepa sayenera kufika pamenepo chifukwa amapala chikutiro cha pamwamba, switchi n'kumadzavuta mpaka kale. Mabatani tinawayeza limodzilimodzi ndi mita yoyezera magetsi tisanawamange. Pa chitseko chatsopano mabowo a kachitsulo ka mabatani sanali pamalo ofanana, tinaboola awiri.

Pomanga pa kabati pali zinthu ziwiri zoti musamale. Choyamba, musalimbitse nati iliyonse mpaka mabawuti onse atalowa ndipo mwayesa kutseka chitseko, apo ayi felemu imakhala mopendama ndipo loko sagwira. Pa makina anga bawuti ya pamwamba imadutsanso pa chitsulo chimene chimagwira chotsamira manja chija, ndiye itakhala mokhota pang'ono chotsamiracho chinakana kukhoma mpaka tinamasulanso. Chachiwiri ndi waya wa earth. Ndinali nditauiwala uli lende, amalume n'kuuona. Chitseko, miyendo ndi zitsulo za m'mbali zonse zimalumikizidwa ku earth, ndipo ukausiya, munthu wogwira chitseko ali chosavala nsapato pa simenti amamva kunyerenyetsa. Nyumba zathu zambiri za m'malokeshoni zili ndi masoketi amene earth yake ndi ya dzina lokha, ndiye yezaninso soketiyo, makamaka ngati mumayatsa makina pa inverter kapena jenereta.

Pali switchi inanso yoti muiyang'ane, nambala 22, imene imauza makina kuti chitseko chatsekedwa. Chitseko chatsopano chikapanda kuikankha mokwanira, makina amaona ngati chikadali chotsegula. Pa Fish Tales yanga si nkhani yoopsa kwambiri, koma makina a Williams amene anatuluka m'zaka zotsatira ali ndi switchi inanso imene imadula magetsi a makoyilo chitseko chikatseguka, moti ikapanda kukankhidwa, mpira sutuluka n'komwe ndipo munthu amayamba kufunafuna vuto komwe kulibe. Dziwaninso mbali inayo ya nkhaniyi: pa makina akale ngati anga, kutsegula chitseko sikudula kanthu, makoyilo amakhala ndi magetsi awo onse, choncho musalowetse dzanja mosasamala makina ali oyaka.

Titayatsa, fyuzi inakhala. Tinalowa pa T.1 n'kudina chilichonse cha pachitseko, chilichonse n'kumaoneka pagalasi. Ana anali atayamba kale kukanganirana woyamba.

Zolandirira ndalama sindinavutike nazo, ndipo ndikulangizani kuti nanunso musatayirepo ndalama ngati makinawo ndi apanyumba. Kachipangizo kameneka kamayeza kukula kwa kobidi, kuchindikala kwake ndi kulemera kwake, ndipo kali ndi maginito oyesera mtundu wa chitsulo. Kamene kapangidwira kobidi imodzi kamalavula ina iliyonse. Tanga tinali tochunidwira dola yachitsulo yakale ya Zimbabwe. Chichokereni ndalama imeneyo tadutsa m'madola a ku America kuyambira 2009, ma bond coin amene anatuluka mu Disembala 2014, kenako ndalama yatsopano ya ZiG mu Epulo 2024. Amalume akuti eni makina ambiri anangotopa n'kusamukira ku ma token, ena n'kuwasiya makinawo kuti aole m'magalaja. Ine ndinangotsuka timakina tiwirito ndi madzi a sopo, osathira oyilo chifukwa amagwira fumbi, n'kutibwezera kuti pabowo pasakhale pululu.

Ndikawerengera: loko $6, wa ma TV $15, wowotcherera $25, chitseko $120, runner $35, mafyuzi, mababu, mabatire ndi timachubu pafupifupi $10, penti ndi zotsukira $8. Zonse pamodzi pafupifupi $220, ndi miyezi ingapo makina ali chophimbidwa. Chitseko chakale chija chikanapita ku Siyaso chili chovula, zonse zikanathera pa $65 kapena kucheperapo, ndipo chitsulo chake n'chochindikala kuposa cha chatsopanochi.

Ngati chanu chawonongeka moti sichingawongoke ndipo mukuguladi china, musafunse kuti "kodi chilowa?" chifukwa wogulitsa aliyense amati inde. Mupempheni chithunzi cha kuseri, muwerenge mabatani, muone pulagi n'kuifanizira ndi yanu, mufunse dzina la makina amene chinachokerapo ndi chaka chake, ndipo akuyezereni ndi tepi kutalika, kufupika ndi mipata ya mabowo a mabawuti. Ngakhale pakati pa makina a Williams omwewo, kabolodi ka chitseko kanasinthapo m'zaka zimenezo, ndiye dzina la kampani lokha silikwanira. Chikakhala chigoba chokha chopanda mawaya koma miyezo ikugwirizana, tengani, ndipo munenerere mtengo chifukwa mawaya muli nawo kale.

Pa makina anga patsala babu la kumanja limene limaphethira chitseko chikagwedezeka. Choikamo chake n'chomasuka ndipo ndikudikira amalume adzabwere ndi china chimene akuti ali nacho m'chitini chawo. Mtolo wa mawaya wa mabatani atatu uja ndausunga m'bokosi, ngati alipo wa makina a Sega kapena Stern kuno ku Harare amene akuufuna.